Kusankha Mafuta a Cheni ya Njinga Yamoto

Werengani buku la njinga yanu musanagule mafuta alionse. Sungani citini ca mafuta opopera kutali ndi moto ndi ana, ndipo cisakhale pamalo otentha kupitirira madigiri 50. Musaciboole ngakhale mafuta atatha.

Pacitini mukapeza mau akuti "O-ring safe", tanthauzo lake ndi lakuti mafutawo sadya mphira. Cheni zina zili ndi timphira tozungulira ngati mphete pakati pa tizitsulo take. Timphirato timatsekera girizi amene anaikidwa mkati kufakitale, ndipo girizi ameneyo akatuluka palibe njira yomubwezera. Ndiye cifukwa cake cheni yotere sitsukidwa ndi petulo, bulashi ya waya kapena madzi amphamvu a pa car wash. Parafini ndi kabulashi kofewa n'zokwanira. Njinga zambiri zonyamula anthu ku Chipata zili ndi cheni wamba yopanda timphira, yobisika m'covindikira. Imeneyo imauma msanga, conco imafuna kuthiridwa pafupipafupi.

Mau ena ovuta ndi "wet" ndi "dry". Onse awiri amatuluka m'citini ali amadzimadzi, kusiyana kwake kumaoneka pambuyo pake. Olembedwa "wet" amakhalabe onata ndipo mvula siwacotsa msanga: amenewa ndi a dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Olembedwa "dry" kapena "wax" amauma n'kusiya kakhungu kopyapyala kosagwira fumbi. Amene mumayenda mumsewu wa fumbi mu Seputembala ndi Okutobala, tengani amenewa. Mafuta onata akasakanikirana ndi mcenga amakhala ngati sandipepa, ndipo mano a sprocket (kagudumu ka mano komwe cheni imayendapo) amasongoka ngati minga cheni isanakalambe.

Mafuta a m'citini akasowa, mabuku a Honda amalola gear oil wa SAE 80 kapena 90. Oilo wakuda wocotsa mu injini ndikudziwa kuti ndi waulere, koma ali ndi tizidutswa tacitsulo ndipo amathovokera patayala. Girizi nayenso ndi wolimba kwambiri, salowa mkati, amangokhala pamwamba kutola dothi.

Thirani mukangofika kuulendo cheni ikali yofunda. Imikani njinga pa stand yapakati, lozani kapaipi ka citini kumbali yamkati ya cheni yapansi, ndipo zungulizani wilo ndi dzanja. Dikirani kuti mafuta alowe, kenako pukutani otsala ndi kansalu. Bwerezani pa makilomita amene buku lanu lanena, komanso mukadutsa m'madzi kapena m'matope. Mafuta asakhudze tayala kapena mabuleki.

Cenjezo ili pacitini analilemba m'zilembo zing'onozing'ono, koma ine ndilinena mokweza: zimitsani injini. Musathire kapena kupukuta cheni njinga ili mu giya wilo likuzungulira lokha. Kansalu kakakodwa kamakoka dzanja. Ndinaona mnyamata wina pagalaji atataya nsonga za zala ziwiri motero, ndipo zinacitika mwamsanga moti sanathe ndi kufuula komwe.