Momwe mungadulire matabwa ndi pulasitiki pa makina a laser popanda kuswa chubu

Pa wekishopu yathu kuno ku Salima, chapafupi ndi Kamuzu Road, tilipo anthu asanu ndi awiri amene timalandirana makina amodzi a laser. Achimwene ena amapanga zikwangwani za magolosale, ena zikho za mipikisano ya mpira, mayi ena amadula zilembo zoika pa makeke a ukwati ndi chinkhoswe. Ine ndimadula tinsomba ta chambo tomangirirapo makiyi ndi timabokosi timene anyamata amakagulitsa kwa alendo ku Senga Bay. Makinawo tinachita kusonkherana, ndipo ndi a mtundu wa CO2, a mphamvu ya 80W, aja okhala ndi chubu chagalasi chachitali kumbuyo kwake, chimene chimatulutsa kuwala kodulira. Achinyamata akumabwera ambiri kudzafunsa kuti amayendetsedwa bwanji, ndiye ndati ndilembe momwe ife timachitira.

Dziwani kaye kuti makina ngati athuwa sadula chitsulo. Amadula plywood, MDF, acrylic imene ambiri timangoti perspex, chikopa, makatoni ndi nsalu. Kasitomala akabwera ndi pulani ya geti, muuzeni zoona. Chitsulo chimafuna makina ena, a fiber laser, plasma kapena waterjet (odula ndi madzi), ndipo za waterjet ndikambako kumapeto chifukwa ndinagwirapo ndili ku Joni.

Chojambula chanu mubwere nacho chokonzakonza. Ambiri kuno timagwiritsa ntchito CorelDRAW, koma Inkscape ndi yaulere ndipo imakwanira. Sungani ngati fayilo ya mtundu wa DXF, muike pa fulashi, mudzatsegule mu RDWorks kapena LightBurn, mapulogalamu oyendetsera makinawa, pa kompyuta ya pa wekishopu. Zilembo muzisandutse mizere musanachoke kunyumba, apo ayi mudzapeza kuti kompyuta yathu ilibe mtundu wa zilembo umene munasankha. Yang'ananinso kuti palibe mizere iwiri yosanjikizana, chifukwa makina amadutsapo kawiri n'kupsereza m'mphepete. Zonsezi muchitire kwanu. Nthawi imene mwalembetsa m'buku ndi yodulira, mnzanu akudikira kumbuyo.

Tsopano madzi. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinagwera m'mavuto.

Chubu chagalasi chija chimatentha kwambiri chikamagwira ntchito, ndipo chimene chimachiteteza ndi madzi ozungulira m'kati mwake. Pamakhala kabokosi pambali, chiller, kamene kamapopa madziwo ndi kuwaziziritsa. Lamulo lathu ndi loti chiller iyake poyamba, makina pambuyo. Mukayatsa, tsegulani chitseko chakumbuyo, muone ndi maso anu kuti madzi akuyendadi m'chubu. Musakhulupirire phokoso lokha, pampu imatha kulira pamene paipi yapindika. Ngati muli thovu lalikulu la mpweya, finyani paipi yotulutsa madzi kangapo kufikira lituluke, chifukwa pamene pali thovupo galasi silizizira.

Tsiku limene zinandionekera linali mu Novembala, masana, kukutentha kumene anthu a ku Salima mukukudziwa kuja, koti ngakhale pansi pa mtengo wa mango thukuta lili kamukamu. Ndinali ndi oda ya timabokosi 60, ndipo magetsi anazima ndili pakati. Tinaliza jenereta, ndinasamutsa pulagi ya makina ndi ya fani, n'kupitiriza. Chiller inali pa soketi ina kuseri kwa kabati, ndipo sindinaisamutse. Makinawa ali ndi kachipangizo kamene kamayenera kukaniza laser kuyaka madzi akaima, koma mmisiri wina amene anadzatikonzera miyezi ingapo m'mbuyomo anakalumphitsa ndi waya chifukwa kamavutitsa, ndipo sanatiuze. Ndinadula kwa mphindi zingapo, kenako ndinaona kuti thabwa silikubooka. Nditayang'ana kumbali n'kuona chiller ili zii, mtima unangoti myuu. Ndinathamanga kukailumikiza msanga, poganiza kuti ndikupulumutsa chubu. Madzi ozizira atangofika pa galasi lotentha lija ndinamva kuti thee! Chubu chinang'aluka chakumapeto, madzi n'kulowa momwe mumakhala mpweya.

Kulakwa kwanga kunali pawiri, ndipo kwachiwiriko ndi kumene kunapha chubu. Mukazindikira kuti mwadula opanda madzi, zimitsani makina, musakhudze pampu. Dikirani chubu chizizire chokha, kaya theka la ola, kaya kuposerapo, kenako ndiye mulowetse madzi. Mwina chikhala chitafookako, koma chikhoza kupulumuka. Galasi lotentha silifuna kudzidzimutsidwa, n'chimodzimodzi tambula imene mwaithira madzi owira itangochoka mu furiji.

Tinakhala masabata asanu ndi limodzi opanda makina, podikira chubu chatsopano chochokera kunja. Imeneyo inali nyengo yoyandikira Khirisimasi, maukwati ali mbwee. Mayi a makeke aja anabweza ndalama za makasitomala atatu. Sanandinene chilichonse, koma ine ndinkalephera kuwayang'ana kumaso. Pa makina a gulu, mukaononga mwatsekera pakamwa mabanja onse amene amadyerapo. Kuchokera tsiku limenelo chiller ndi makina zili pa soketi imodzi, kachipangizo kaja tinakabwezeretsa, ndipo Lolemba lililonse timakayesa: timafinya paipi n'kudina batani la Pulse loyatsa laser kwa kanthawi, laser ikayaka ndiye kuti tsiku limenelo palibe wodula kufikira takonza.

Madzi ake asakhale a pampopi, a pa mjigo kapena a kunyanja. A pa mjigo amasiya zoyera zokakamira m'chubu ngati za mu ketulo, a kunyanja amamera ndere. Gulani madzi a distilled aja othira m'mabatire a galimoto, koma muwerenge botolo bwino, chifukwa m'mashopu ena botolo la asidi ndi la madzi amaziika pa shelefu imodzi ndipo zimafanana. Ife timasintha mwezi uliwonse.

Kutentha kwa madzi kuzikhala cha m'ma 20 digiri. Kukadutsa 25 ndimayamba kuchepetsa ntchito, kukayandikira 30 ndimaima. Pogula chiller chenjerani. CW-3000 ilibe furiji m'kati, imangopepesa madzi ndi fani, choncho singawaziziritse kuposa mpweya wa m'chipinda. Kumalo ozizira ngati Dedza mwina ingakuthandizeni, koma kuno kunyanja mu Okutobala ikupatsani madzi ofunda. Imene imaziziritsa zenizeni ndi CW-5000 kapena CW-5200. Ogulitsa ena sakuuzani kusiyana kumeneku, amangoti chiller ndi chiller. Komanso musatsitse kwambiri nthawi ya dzinja. Mpweya wa kuno umakhala ndi chinyezi, ndiye madzi akazizira mopitirira chubu chimachita thukuta kunja, pamene pa mawaya ake pamadutsa magetsi a mavoti masauzande ambiri. Mukaona timadontho pa galasi, zimitsani, mukweze pang'ono kutentha kwa madzi pa chiller.

Kunena za chubu, mukamagula mufunse kutalika kwake. Mphamvu imayendera kutalika, ndipo cha 80W chimapitirira mita imodzi ndithu. Wina anafuna kutigulitsa chachifupi atamata pepala la 80W, mtengo wake wokoma zedi. Tinakana. Mufunsenso tsiku limene chinapangidwa, chifukwa chubu chimafooka ngakhale chili m'katoni. Mitengo sindiilemba, chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja mumafunsa mtengo tsiku lomwelo.

Madzi akakhala bwino, yatsani fani yotulutsa utsi ndi kompuresa youzira mpweya pa mlomo wa makina. Yang'anani lens, kagalasi kosonkhanitsa kuwala pa kadontho kamodzi, ndi magalasi atatu amene amabweza kuwala. Ngati pali mwaye, pukutani pang'onopang'ono ndi thonje la pa kamtengo lonyowetsa ndi isopropyl, amapezeka m'ma pharmacy ena. Sipiriti wa pepo uja amasiya zothimbirira. Lens yakuda imayamwa kutentha n'kusweka, ndipo ndi kanthu kakang'ono koma kodula.

Musanaike chilichonse pa tebulo la makina, dziwani kuti ndi chiyani. PVC ndi yoletsedwa kotheratu. Ikapsa imatulutsa mpweya wa chlorine ndi asidi umene umapweteka mapapo ndi kudyetsa dzimbiri zitsulo za makina. Vuto ndi loti mabolodi oyera opepuka aja a zikwangwani, zikopa zabodza zokutira mipando ndi zomata zambiri ndi PVC, koma wogulitsa amangoti ndi pulasitiki. Kuyesa kwake n'kosavuta: tenthetsani waya wa kopa pa moto wa gasi, mukhudzitse pa pulasitikiyo, mubwezere pa moto. Lawi likasanduka lobiriwira, muli chlorine, musadule. Muyesere panja. Polycarbonate nayonso imaoneka ngati perspex koma imangopsa n'kusanduka yachikasu.

Plywood ndi nkhani ina. Yotchipa ya m'ma hardware ambiri imakhala ndi mphako ndi zigamba za guluu m'kati, ndiye mumadula bwinobwino, potembenuza mupeza malo ena sanabooke. Ine ndikapita ku Lilongwe ndimanyamula tochi, ndimaunika kuseri kwa thabwa la mamilimita atatu, pamene pakuda kwambiri pamakhala chigamba. Ogulitsa amadabwa koma zimandipulumutsa. Sankhaninso losapindika, chifukwa thabwa likatukuka pakati mtunda wa lens umasintha.

Mtunda umenewu ndi umene timati focus. Lens yathu ndi ya focus ya mainchesi awiri, ndipo pali kachidutswa ka perspex koyezera kamene tinakamangirira ndi chingwe kuti kasasowe. Ikani pakati pa mlomo ndi thabwa, mukweze tebulo kufikira zikhudzane. Mukasintha thabwa, yezaninso. Kenako sunthani mutu wa makina pa ngodya imene mukufuna kuyambira, dinani Origin, kenako Frame kuti muone ngati chojambula chikukwana.

Pa liwiro ndi mphamvu, makina aliwonse ali ndi khalidwe lake, ndipo chubu chikamakalamba manambala amasintha. Pa athu plywood ya mamilimita atatu ndimayambira cha pa mamilimita 18 pa sekondi ndi mphamvu ya 60 peresenti, perspex ndimachepetsako liwiro. Dulani kaye kabokosi kakang'ono pa ngodya. Kakagwa kokha, zili bwino. Kakakana, chepetsani liwiro musanaganize zokweza mphamvu. Ife tinagwirizana kuti palibe wodutsa 70 peresenti, chifukwa kuthamangitsa chubu pa mphamvu yonse kumachikalambitsa msanga, ndipo chikafa timasonkha tonse. Pa dongosolo, yambani ndi zolembalemba, kenako mabowo a m'kati, mzere wakunja pomaliza. Ngati mukupanga zolowetsana ngati timabokosi tanga, kumbukirani kuti laser imadya pafupifupi 0.2 ya milimita, mukaiwala mano ake amakhala okhwepa.

Tsekani chivindikiro, dinani Start, ndipo muime pomwepo. Kadontho kofiira kamene mumakaona ndi kolozera chabe, kuwala kodulako sikuoneka ndi maso, choncho chivindikiro sichitsegulidwa makina akuyenda. Musapite kukagula chiwaya, musatuluke kukayankha foni. Perspex ndi makatoni zimagwira moto m'kanthawi kochepa. Kalawi kakang'ono kotsatira mlomo n'kachibadwa, koma kakatsalira m'mbuyo n'kumakula, dinani batani lofiira lozimitsira. Chozimitsira moto cha CO2 chikhale pofikira dzanja, cha ufa chija chimazimitsa koma chimaipitsa makina onse.

Mukamaliza dikirani utsi uthe musanatsegule. Tolani tizidutswa togwera pansi pa tebulo, tikaunjikana ndi nkhuni. Siyani chiller iyende mphindi zingapo makina atazima. Lembani m'buku mphindi zimene mwadula, zinthu zimene mwadula, ndi chilichonse chachilendo chimene mwaona, ngakhale mutakhala kuti mwachititsa ndinu. Ndalama ya mayuniti ndi ya thumba la chubu muike tsiku lomwelo.

Za waterjet mwachidule, poti ena amafunsa. Imadula ndi madzi opanikizidwa kufika cha pa 4,000 bar, osakaniza ndi mchenga wapadera wotchedwa garnet. Imadula chitsulo, mwala, matailosi ndi galasi popanda kutenthetsa, kupatula galasi lolimbitsidwa lija la tempered, limene limangophwanyika lonse. Chojambula ndi DXF yomweyo, koma mpata umene imadya ndi pafupifupi milimita imodzi, ndipo poboola muyambire kunja kwa mzere. Mchenga ukhale wouma, ukachita chinyezi umatseka paipi, ndipo wa kugombe la nyanja sungalowe m'malo mwa garnet. Panikizani chitsulo chanu mwamphamvu, valani zotseka m'makutu ndi magalasi. Madziwo akakulasani, ngakhale bala lioneke ngati la singano, pitani kuchipatala nthawi yomweyo mukawauze kuti ndi madzi a mphamvu osakaniza ndi mchenga, chifukwa kuonongeka kumakhala m'kati. Ifeyo sitinagule. Titawerengera magetsi a three phase, madzi osefa ndi matumba a garnet ochokera kunja, tinaona kuti maoda a ku Salima sangakwanitse kuidyetsa, ndiye za zitsulo timawatumiza makasitomala kwa anzathu a plasma.