Kulima zitsamba zamankhwala mu greenhouse ya makina kuno ku Joni

Anzanga amene mukugwira ntchito m'mapulazi ozungulira Johannesburg, mwaziona greenhouse zodziyendetsa zokha zija, nyumba za pulasitiki kapena magalasi zolimamo mbewu. Mkati mumakhala masensa oyeza kutentha ndi chinyezi cha m'nthaka. Kukatentha, kabokosi ka kompyuta kamatsegula mawindo n'kuyatsa mafani. Nthaka ikauma, kamatsegula madzi odonthezera, uthenga n'kubwera pafoni. Kuno n'zothandizadi, poti mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mu June ndi July chisanu chimawaula mbewu, dzinja nalo limabwera ndi matalala.

Koma makinawa amangotsata zomwe mwawauza, ndipo ambiri amawatchera ngati akulima tomato. Zitsamba zambiri mukazichulutsira madzi ndi feteleza zimabiriwira mokongola, koma mafuta onunkhira a m'masamba, omwe ogula amafuna, amachepa. Mwachitsanzo, tikitani ndi zala tsamba la umhlonyane, chitsamba chowawa cha fungo lamphamvu, mununkhize. Fungo likakhala lopanda mphamvu, chepetsani madzi.

Isiphephetho, jinja wakutchire uja amene akusowa chifukwa chokumbidwa mopyola muyeso, ndiye wofunika kusamala kwambiri. Nyengo yozizira amagona: masamba amauma onse, moyo n'kutsalira mu muzu. Sensa ikaona nthaka youma imangothirira, muzu n'kuwola mwinimunda ali phee, akukhulupirira foni. Tsekani mpopi wake pamanja mpaka atayamba kuphukira kukafunda. N'chifukwa chake mtundu uliwonse uzikhala ndi paipi yakeyake. Sensa muziikwirira pomwe pali mizu, osati penipeni podonthera madzi, ndipo kamodzi pa sabata pisani chala m'dothi muone ngati ikunena zoona.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Akazima masana mu December mawindo ali chitsekere, mkatimo mumatentha kupyola madigiri 40 posakhalitsa. Kabokosiko ndi pampu zikhale pa batire ndi sola, ndipo aliyense wogwira ntchito pamenepo adziwe kutsegula mawindo pamanja.

Nsabwe za m'masamba ndi akangaude ofiira sensa siziwaona. Tembenuzani masamba muyang'ane kunsi. Musathamangire kupopera mankhwala ophera tizilombo, masamba amenewa anthu akamwa.

Musanabzale, kafunseni ogulitsa ku misika ya mankhwala azitsamba ya Faraday kapena Kwa Mai Mai zomwe amagula, zouma kapena zaziwisi. Mukafuna kulongedza m'mabotolo n'kulembapo kuti zimachiza matenda, yambani mwafunsa malamulo a bungwe la SAHPRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno.