Drone Ikauluka pa Munda, Konzekani Kulowamo ndi Mapazi

Alimi anzanga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, masiku ano funso la kandege kaja kopanda woyendetsa, kotchedwa drone, likubwera pafupifupi pa msonkhano uliwonse. Ena adakaona kakujambula madzi osefukira, ena adamva kuti ku Chókwè ndi Xai-Xai, kummwera kwa dziko lathu la Mozambique, alimi a m'minda yothirira ankalandira malangizo ochokera pa zithunzi zake. Kwa anansi athu ku Malawi, malo oyeserera ndegezi adatsegulidwa ku Kasungu mu 2017. Choncho si nkhani yakutali ayi, ndipo ndi bwino tiidziwe isanatipeze.

Drone yoyendera mbewu imanyamula kamera. Ina ndi kamera wamba, yoona monga aonera maso athu, koma kuchokera kumwamba. Ina imagwira kuwala kumene diso la munthu silikuona. Tsamba lathanzi limabweza kwambiri kuwala kobisikako, pamene tsamba lovutika limabweza pang'ono, ndipo kusiyanaku kumayamba tsambalo lisanachite chikasu. Kompyuta imalumikiza zithunzizo n'kutulutsa mapu a munda: pobiriwira mbewu zili bwino, pachikasu kapena pofiira pali vuto. Mukhozanso kuonapo mapando amene sanamere, ndi pamene madzi akudula mizere n'kuyamba ngalande.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhazikike. Mapu aja amakuuzani pamene pali vuto, osati dzina la vutolo. Ndidaima tsiku lina m'munda wa chimanga umene chithunzi chake chidali ndi malo awiri ofiira. Mwini munda adali atatsimikiza kale kuti feteleza wachepa ndipo amafuna kugula thumba lina la urea. Titafika pamalo oyamba, nsapato zidamira m'matope: madzi adali atadikha, mizu ikubanika. Pamalo achiwiri nthaka idali youma bwino, koma titakumba paphata la phesi lopinimbira tidapeza kaufiti atakakamira kumizu, asanatulukire n'komwe pamwamba. Pachithunzi mtundu udali umodzi, koma kwina kumafunika ngalande yotulutsa madzi, kwinaku manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu ndi soya kapena mtedza. Thumba la urea likadangopita pachabe.

Ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene zidafika kuno mu 2017, ndizo zimabisala kwambiri. Mbozi imalowa mkati mwa nsonga ya chimanga, ndipo pamene kamera ikuona masamba obooka, imakhala itakula kale moti mankhwala saigwira bwino. Choncho musasiye kuyendera munda kamodzi kapena kawiri pa sabata chimanga chikangomera. Yendani mokhotakhota ngati chilembo cha W, imani malo 5, pamalo aliwonse muone mapesi 10. Tsegulani nsonga ndi zala, muyang'ane ndowe zonga utuchi ndi timazira tolundana pamasamba. Mwa malo asanuwo, onetsetsani kuti ena ndi amene drone yalozera.

Kwa olima mbatatesi ku Tsangano, chiwawu sichidikira ndege. Kukachita nkhungu ndi mvula yamawawa masiku angapo, matendawa amatha munda m'sabata imodzi kapena ziwiri. Poperani moteteza monga mwa nthawi zonse. Chithunzi chingakuthandizeni kudziwa mbali imene ayambira basi.

Nanga maloboti oyenda pansi? Alipo, monga TerraSentia ya ku America imene imayenda pakati pa mizere ya chimanga ikuyeza kutalika ndi kunenepa kwa mapesi. Koma imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'minda ya kafukufuku, yosalala ndi yoongoka. M'minda yathu ya mitumbira, yotsetsereka, yokhala ndi nyemba ndi maungu zoyanga pakati, matayala ake sangapite patali. Pakadali pano ndalama zanu musaziike pamenepo.

Ngakhale drone, sindilangiza mlimi wa hekitala imodzi kapena ziwiri kugula yakeyake. Batire yake imatha m'mphindi 20 kapena 30, imafuna magetsi otchajira, kompyuta, ndi munthu wodziwa kuwerenga mapu. Nzeru ndi kugwirizana pagulu, minda yoyandikana ijambulidwe tsiku limodzi, mtengo mugawane. Sankhani nthawi imene chithunzi chingasinthe zochita zanu: chimanga chikangomera kuti mupakize msanga, ndiponso musanathire feteleza wobereketsa. Ajambule chakumasana, kopanda mphepo yamphamvu kapena mitambo yodutsadutsa, chifukwa mithunzi imanamiza kamera. Ndipo mugwirizane kuti zotsatira zibwere pasanathe masiku awiri kapena atatu. Mapu obwera patatha mwezi amanena za munda wina, osati umene muli nawo lero.

Musanalipire aliyense, mufunseni chilolezo chake. Kuulutsa ndegezi m'dziko muno kumayang'aniridwa ndi bungwe loona za ndege la IACM, ndipo ife amene tili pafupi ndi malire a Malawi pa Calómuè ndi Biri-Biri tiyenera kusamala kwambiri. Dziwitsani a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma m'boma lanu. Pitaninso kwa amfumu, kuti anthu adziwe tsiku ndi cholinga chake, ndipo woulutsayo auzidwe kumene kuli manda ndi dambwe kuti kamera isapiteko.

Tsiku lolandira mapu, bwerani ndi khasu, kope ndi kabotolo koikamo tizilombo timene mungapeze, ndipo muitane mlangizi wa dera lanu kuti mukaone limodzi malo ofiirawo.