Gogodera ya agogo: kwawo kwake kwalembedwa kunsi kwa mpope

Mabanja ena akwathu kuno ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mu Harare akusungabe mfuti ya gogodera imene agogo anasiya, ndipo funso limene ndimamva kawirikawiri n'lakuti anaipanga ndani, nanga inachokera kuti. Yankho liripo, koma sili pamene maso amathamangira.

Yambani mwaona ngati mulibe wonga. Lowetsani ndodo mumpope mpaka igunde, gwirani pamene yalekezera, muitulutse n'kuigoneka kunja kwa mpopewo. Ikaperewera kufika pamene pali kabowo koyatsira wonga, mkatimo muli kanthu. Wonga wakuda umayakabe ngakhale utagona zaka zambirimbiri, choncho pamenepo lekani, itanani wodziwa kukonza mfuti.

Dzina lolembedwa pambali kapena pamwamba musalikhulupirire msanga. Amisiri a ku Liège, ku Belgium, ankapanga mfuti zotchipa n'kuzilemba "W. Richards" kuti wogula aganize za Westley Richards, kampani yotchuka ya mfuti ya ku Birmingham, ku England. Ena ankangodindapo "London". Mawu oti TOWER ndi chisoti chachifumu nawonso amapusitsa anthu: n'chizindikiro cha mfuti za asilikali a ku Britain, koma amalonda ankachotsa zitsulo pa mfuti zakale zankhondo n'kuzimanga pa zatsopano, ena n'kumangokopera chidindocho.

Umboni weniweni uli kunsi kwa mpope, mbali yobisika ndi mtengo. Sololani ndodo yotsindira wonga, kokerani kanyundo kumbuyo pang'ono, kenako kankhani kachitsulo kopingasa kamene kamagwira mpope. Kankhirani ndi kamtengo, osati msomali. Mpope udzanyamuka. Ukakhala womangidwa ndi malamba achitsulo kapena timisomali tadzimbiri, musaukakamize. Pukutani ndi nsalu ya mafuta pang'ono, pakanipo choko, muwalitse tochi chammbali. Tizilembo timatuluka tokha. Chonde, sandipepa ayi. Ndinagwirapo mpope wina wopalidwa mpaka kunyezimira, zidindo zonse zitapita, ndipo mtima unandiwawa chifukwa mbiri yake inathera pomwepo.

Zidindozi ankaika ndi nyumba zoyesa mfuti, osati wogulitsa. Mukaona ndodo ziwiri zachifumu zopingasana, chisoti pamwamba ndi zilembo B, C, P, mpopewo anauyesa ku Birmingham pakati pa 1813 ndi 1904. GP pansi pa chisoti ndi London. Zilembo E, L, G ndi kanyenyezi m'kabwalo kooneka ngati dzira ndi Liège, ndipo kabwaloko kakakhala ndi chisoti pamwamba, mfutiyo siinapangidwe 1893 isanafike. Nambala ngati 12, 14 kapena 16 ndi kukula kwa kamwa la mpope, si chaka.

Mfuti yoyatsa ndi mwala imaoneka yakale kuposa ya fataki (kachipewa kamkuwa koyatsira wonga), koma za mwala ankazipangabe mpaka m'zaka za m'ma 1900 kuti azizigulitsa ku Africa kuno.

Mukapanda kupeza chidindo chilichonse, yang'anitsitsani kapangidwe. Mpope wa paipi wamba, mtengo wosemedwa ndi kasemasema, mawaya ndi chikopa zomangira: imeneyo ndi ntchito ya wosula wa kumudzi. Kwa ine yotereyi njosunga bwino koposa, chifukwa amene angatchule dzina la mmisiriyo ndi akuluakulu a m'banja okha. Afunseni akadali moyo, mulembe.

Mukafuna thandizo la a nyumba zosungira zakale, monga Zimbabwe Military Museum ku Gweru, tengani zithunzi za zidindo ndi za mfuti yonse. Mfuti yeniyeniyo musakwere nayo kombi musanafunse kupolisi za mapepala ake.