Momwe mungawerengere madzi a mvula musanakumbe dziwe lotchinga matope kumunsi kwa mgodi wokwiriridwa

Kuno ku Chipata tilibe mgodi wa malasha ngati wa ku Maamba m'boma la Sinazongwe, koma maenje amene munakumbidwa miyala ndi gelavulo wa misewu alipo ambiri, ndipo akakwiriridwa, mvula imakokolola dothilo n'kukalitaya m'madimba a anthu kumunsi. Ntchito ya dziwe lotchinga matope ndi kuimitsa madziwo kwa kanthawi kuti matope akhazikike pansi. Masamu ake ndi omwewo a kumigodi ya malasha, ndipo ine ndimatsata njira ya Curve Number, imene bungwe la Soil Conservation Service la ku America linakonza m'zaka za m'ma 1950.

Yambani ndi kuyeza malo onse amene madzi ake amatsikira pamene mukufuna kukumbapo. Yendani ndi GPS ya pafoni motsata msana wa chitunda, osati mpanda wa mwini malo, chifukwa madzi ochokera kumtunda kwa mnansi wanu adzafikanso m'dziwe lanu.

Kenaka pezani mvula yowerengera. Ku America, malamulo a migodi ya malasha ochokera pa lamulo la 1977 amafuna dziwe lotha kulandira mvula ya maola 24 imene imayembekezeka kamodzi pa zaka 10, ndipo muyeso umenewu ndi poyambira pabwino, ngakhale kuti kuno chilolezo chimachokera ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe m'Zambia. Pemphani kaundula wa mvula ya tsiku ndi tsiku ya pa siteshoni ya ku Msekera, pafupi ndi Chipata, kwa a zanyengo. Mvula ya chaka chonse, imene kuno imakhala pafupifupi mamilimita 1000, siikuthandizani pa ntchitoyi. Alipo anthu amene amagulitsa manambala ongotola pa intaneti osatchula ndi siteshoni yomwe. Ndalama zanu musawapatse.

Pamene ndinalakwitsa ine ndi pa kusankha nambala ya CN (Curve Number), imene imasonyeza kuchuluka kwa madzi amene nthaka imakana kumwa. Ndinakaona malo a mahekitala 4 mu Epulo, udzu uli wofika m'chiuno, ndipo pa tebulo la manambala a CN ndinatenga 74, nambala ya nthaka ya gulu C (yomwa madzi pang'onopang'ono) yokhala ndi udzu wabwino. Masamu ake ndi awa, m'mamilimita: S = 25400/CN − 254, kenaka Q = (P − 0.2S)² / (P + 0.8S), pamene S ndi madzi amene nthaka ingathe kusunga, P ndi mvula ndipo Q ndi madzi othamanga pamwamba. Tiyerekeze kuti P ndi 100. Ndi CN ya 74, S imatuluka 89 ndipo Q imatuluka 39. Popeza milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi makiyubiki mita 10, mahekitala 4 amapereka makiyubiki mita pafupifupi 1,570.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mu Sepitembala anyamata osaka mbewa anatentha udzu wonsewo, ndipo pansi pake panali katondo amene zimagalimoto zonyamula miyala zinamuponda kwa zaka mpaka kuuma ngati bwalo lopunthira mapira. Chizimalupsa chinangonyowetsa pamwamba. Mvula yaikulu itagwa kumayambiriro kwa Disembala, udzu usanaphuke mokwanira, madzi ofiira anadzaza dziwe, anadumpha khoma n'kulidya pakati, ndipo m'mawa ndinapeza matope atakwirira repu ndi tomato m'dimba la mayi wina mpaka timitengo togwiriza tomatoyo tikungooneka nsonga. Nthaka yosalazidwa kumene, yopanda chomera, ya gulu C lomwelo, nambala yake ndi 91. Ikani 91 m'masamu aja: S imatsika kufika pa 25, Q imakwera kufika pa 75, ndipo madzi amakhala makiyubiki mita 3,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Choncho werengerani malowo monga amaonekera kumapeto kwa Okutobala, ndipo musanakhulupirire tebulo, kumbani kadzenje, thiranimo ndowa ya madzi, muone nthawi imene atenge kuti alowe. Nthaka ya pamgodi wokwiriridwa ndi yosakanizika, moti mapu a nthaka akale sanena zoona za malo amenewo.

Pa madzi mwapezawo onjezerani malo osungira matope, ndipo muzichotsa matopewo chilimwe chilichonse. Potulukira madzi osefukira pakhale pa nthaka yosakumbidwa, pambali pa khoma, poyalidwa miyala. Kukula kwake kumafuna masamu ena a liwiro la madzi, ndipo amenewo mupatseni injiniya. Khoma lipondedwe pang'onopang'ono dothi lili lachinyezi, kenaka mubzalepo udzu wa vetiva. Mwini makina okumbira mugwirizane naye mtengo pa kiyubiki mita osati pa ola, chifukwa amene ndinamulemba ine ankawerengera ndi maola amene makinawo anaima kudikira dizilo.