Mukakwera sitima ya panyanja ku Durban? Konzerani foni muli ku Zomba konkuno

Ife ozolowera bwato la ku Kachulu popita ku Chisi timangoonetsetsa kuti m'thumba muli kangachepe. Sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okasangalala panyanja, monga za kampani ya MSC zomwe zimanyamuka ku Durban ku South Africa nthawi ya dzinja kupita ku Portuguese Island ku Mozambique, zili ndi zake. Nthawi ya chakudya, zisudzo za usiku, mapu a sitimayo, ngakhale ngongole yanu, zonse zimapezeka pa app ya kampaniyo. Ya MSC amaitcha MSC for Me.

Choyamba, ikani app musananyamuke. Gulani bandulo ya TNM kapena Airtel, lowetsani nambala ya bukingi yanu, muone ngati dzina likufanana ndi la pa pasipoti. Kuchitira zimenezi pamzere wa padoko, chikwama kudzanja, n'kudzivutitsa.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Mukangokwera, ikani foni pa airplane mode (pamene pamazimitsa netiweki ya foni), kenaka yatsani Wi-Fi yokha ndi kulumikiza ya m'sitimamo. App imagwira ntchito pa Wi-Fi imeneyi osagula intaneti. Mukasiya data yoyaka, sitima ikatalikira gombe foni ikhoza kugwira netiweki ya panyanja yodzera pa setilaiti, ndipo mayunitsi amatha musanamalize n'komwe kapu ya tiyi. WhatsApp ndi Facebook ndiye zimafuna intaneti yogula padera, yodula ndithu. Abale a ku Chinamwali auzirenitu kuti zithunzi adzaziona mukatsika.

Madzulo aliwonse tsegulani pamene pali bilu. M'sitima simugwira ndalama pogula, mumangopereka kadi ya m'sitimamo, ndipo mitengo yake ndi ya madola. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, kabotolo kamodzi kolembedwa molakwika kafunika kukadandaula tsiku lomwelo.

Si onse amaikonda app imeneyi. Achinyamata amasangalala poti pamzere saimapo. Akuluakulu ambiri amanyinyirika: munthu wabwera kudzapuma, nanga maso akhalenso pafoni? Ine sindiwadzudzula. Ngati mwapita ndi amayi kapena agogo, musawaumirize. Pitani nawo ku risepushoni mukafunse pepala la ndondomeko ya tsikulo, muwalemberepo nambala ya chipinda ndi nthawi yobwerera m'sitima akatsikira pachilumba. Wochedwa sitima siimudikira.