Galasi lakumbuyo la sports car likasweka: momwe mungalisinthire, mtengo wake ndi za inshuwalansi

Galasi lakutsogolo likagendedwa limachita mng'alu ndipo mutha kuyenda nalo masiku angapo. Lakumbuyo lilibe chisoni chotero. Kamwala kamodzi kothawa pa makina otchetchera udzu, kapena mbava yofuna chikwama chomwe mwaiwala pampando, galasi lonse limangoti phwaa, kusanduka timibulu tonga mchere wa miyala. Chifukwa chake n'chakuti lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, pomwe lakumbuyo, pa galimoto zambiri, ndi galasi limodzi lomwe analiotcha n'kuliziziritsa mwadzidzidzi kuti lilimbe. Galasi lotere silikonzedwa, silidulidwa, silibooledwa. Munthu akakuuzani kuti adula galasi la galimoto ina kuti likwane pa yanu, musamupatse ndalama.

Pa Corolla kapena Vitz vutoli limatha tsiku lomwelo, poti magalasi ake ali mbwee ku Ndirande ndi ku Biwi. Koma amene ali ndi Toyota 86, Subaru BRZ, Nissan Fairlady Z kapena Mazda Roadster akudziwa kuti galimoto zaliwiro zoterezi, zomwe amazitcha sports car, n'zowerengeka m'misewu yathu, ndipo sipeya wake amavuta. Apa kupupuluma n'komwe kumadyetsa anthu ndalama kawiri.

Musasese msanga

Mtima umafuna kutenga tsache nthawi yomweyo. Dikirani kaye. Tengani foni, jambulani galimoto yonse nambala yake ikuoneka, jambulani pomwe pasweka muli pafupi, m'kati momwe magalasi agwera, komanso malo omwe galimotoyo yaima. Ngati chomwe chaswa galasi chilipo, mwala kaya nthambi, chijambuleninso. Pakona ya galasi pamakhala timalemba ta kampani yomwe inalipanga. Ngati kachidutswa kameneko katsala, kasungeni, kadzakuthandizani pogula lina.

Ngati ndi akuba, kapena wina waswa dala, kapena galimoto ina yakugundani kumbuyo, pitani kupolisi tsiku lomwelo mukatenge lipoti. Kenako imbirani a inshuwalansi kapena wothandizira amene munadulira kwa iye, musanagule kalikonse ndiponso makaniko asanagwirepo dzanja. Makampani ambiri amafuna kuti munthu wawo aone kaye galimoto ndi kuvomereza mtengo. Mukakonzetsa panokha n'kupita ndi lisiti pambuyo, atha kukana kulipira, ndipo pepala la mgwirizano likhala kumbali yawo.

Mukatha zimenezi ndiye valani magolovesi, chotsani zotsalira, ndipo tsekani pabowopo ndi pulasitiki yokhuthala. Gwiritsani ntchito tepi ya mapepala imene opopera penti amamatira, chifukwa tepi yabulauni yomangira makatoni ikakhala padzuwa imasiya zomata pa penti, mwinanso kumusupula. Nyengo ya mvula musachedwe nazo: madzi akalowa m'buti ndi pansi pa kapeti, fungo ndi dzimbiri zimakhala vuto lachiwiri.

Dziwani galasi lomwe mukufuna

Dzina la galimoto palokha silikwanira. Wogulitsa wodziwa ntchito adzakufunsani nambala ya chasisi, ndipo pa galimoto zochokera ku Japan zilembo zoyambirira ndi zomwe zimanena zonse. Toyota 86 yomwe inayamba kutuluka mu 2012 ndi ZN6, pomwe mnzake Subaru BRZ ndi ZC6. Fairlady Z ya 2002, yomwe kwina amaitcha 350Z, ndi Z33, ndipo yotsatira yake, 370Z, ndi Z34. Pa ziwiri zomalizazi galasi lili pa chitseko chakumbuyo chomwe chimatseguka chonse, ndipo Z33 ndi Z34 magalasi ake salowana.

Yang'ananinso zomwe zinali pa galasi lakale. Timizere tofiirira topingasa tija si zokongoletsa. Ndi timawaya totenthetsa galasi kuti nthunzi ichoke, ndipo aliyense amene anatsikapo ku Dedza kapena ku Chikangawa m'mawa wa mu June amadziwa ntchito yake. Pa galimoto zina mlongoti wa wailesi uli m'galasi momwemo, pa zina pali bowo la waipa. Mukagula galasi losowa chimodzi mwa izi, lidzakwana bwinobwino koma wailesi izidzangolira phokoso. Galasi lenileni la galimoto limakhala ndi chidindo pakona: chilembo E chili m'kabwalo pamodzi ndi 43R, kapena DOT ndi nambala, kapena chizindikiro cha JIS cha ku Japan. Lopanda chidindo chilichonse lisiyeni.

Galimoto za denga la nsalu nkhani yake ndi ina, ndipo apa eni ake ambiri amadabwa. Mazda Roadster yoyamba, ya 1989 mpaka 1997, zenera lake lakumbuyo ndi pulasitiki yokhala ndi zipi. Kuyambira 1998 Mazda anayamba kuika galasi lenileni. Honda S2000 inayamba ndi pulasitiki mu 1999 n'kusinthira ku galasi patapita zaka zochepa, ndipo BMW Z3 ndi Porsche Boxster zoyambirira nazonso zinali za pulasitiki. Zenera la pulasitiki likachita chikasu kapena kung'ambika, mmisiri wosoka mipando ya galimoto atha kusokerera lina, bola apeze pulasitiki yoyenera mazenera a galimoto, osati yokutira tebulo, yomwe dzuwa la October limaiumitsa msanga. Koma ngati ndi galasi lomatidwa ku nsalu kufakitale, kawirikawiri pamafunika kusintha chigawo chonse chakumbuyo cha denga, mwinanso denga lonse. Funsani zimenezi musanaitanitse kanthu.

Mtengo wake umachokera pati

Aliyense amene angakuuzeni mtengo pafoni asanamve nambala ya chasisi akungoganizira. Ndalama zake zili m'magawo angapo: galasi lenilenilo, kulibweretsa, msonkho, guluu ndi timapini tomwe timathyoka pochotsa, ndiye dzanja la mmisiri.

Galasi lokhala ndi dzina la kampani ya galimotoyo ndi lomwe limadula kwambiri. Lopangidwa ndi kampani ina ya magalasi limatsikirapo, ndipo likakhala ndi chidindo chija silikhala ndi vuto. Lotchipa kwenikweni ndi lochotsedwa pa galimoto yowonongeka, ndipo ine sindiliona ngati lonyozeka, poti nthawi zambiri limakhala lakufakitale. Chofunika n'kulipima timawaya totenthetsera tija ndi kachipangizo koyezera magetsi musanalipire, ndi kuyendetsa chala m'mbali monse. Galasi lamtunduwu likabanthuka pang'ono m'mphepete limatha kuphulika lokha patapita masabata.

Likasowa ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, njira ndi Johannesburg, Durban, Dar es Salaam, Dubai kapena Japan komweko. Toyota 86 ndi 350Z zinkagulitsidwa zatsopano ku South Africa, choncho kumeneko ndi koyambira kufunsa. Apa ndi pomwe mtengo umakwera mosayembekezera, chifukwa galasi ndi lalikulu ndiponso losachedwa kusweka. Liyenera kukhomeredwa m'bokosi la matabwa, liyende choimirira, ndipo mugwirizane ndi wonyamula musanatumize ndalama kuti likasweka panjira aluza ndani. Ndinaonapo mnzanga akutsegula katoni yomwe anaidikira mwezi wathunthu n'kupezamo timibulu tokhatokha, chifukwa galasilo analigoneka pansi pa katundu wina. Pachipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe pali msonkho wa MRA, ndiye uwerengeretuni.

Musaiwale za kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wochokera kunja amatsatira dola. Mtengo womwe mnzanu analipira zaka zapitazo sungakuthandizeni lero. Tengani makotesheni awiri kapena atatu olembedwa, aliyense asonyeze galasi payekha, ntchito payokha, ndi masiku omwe mtengowo ukhale usanasinthe.

Inshuwalansi ilipira kapena ayi

Inshuwalansi ya third party, yomwe lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, imalipira anthu ena omwe mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galasi lanu siilikhudza. Ngati wolakwa ndi dalaivala wina, mutha kukapempha kuti inshuwalansi yake ilipire, ndipo apo lipoti la apolisi ndiye mboni yanu.

Amene muli ndi comprehensive, inshuwalansi yomwe imalipiranso galimoto yanu ikaonongeka, tsegulani pepala la mgwirizano mupeze ndime ya magalasi, muwerenge mofatsa. Mafunso ake ndi awa: ndimeyo ikunena galasi lakutsogolo lokha kapena magalasi onse? Malire a ndalama zomwe angalipire pa galasi ndi angati? Nanga excess, ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha, ndi zingati? Malire aja amakwanira galasi la galimoto wamba, koma la sports car loitanitsa kunja litha kuwapitirira, ndipo zotsalazo zimachoka m'thumba mwanu.

Tiyerekeze kuti ntchito yonse ikukwana K900,000, malire a galasi ndi K500,000. Mutha kutenga K500,000 ija n'kuonjezera K400,000, kapena kupempha ngati ngozi wamba, pomwe mungalipire excess yokulirapo ndi kutaya kuchotseredwa komwe amapereka kwa amene sanapemphepo chipukuta misozi. Khalani pansi ndi wothandizira wanu muwerengere njira zonse ziwiri, kuphatikizapo zomwe mudzalipire chaka chamawa.

Pali misampha itatu yomwe ndimafuna mwini galimoto aliyense aidziwe zinthu zisanavute. Zenera la pulasitiki lomwe lachita chikasu ndi ukalamba amalitenga ngati kutha kwa chinthu, salipira. Galasi losweka pa zionetsero kapena zipolowe, makampani ambiri salipira pokhapokha munaonjezera ndime yake. Ndipo ngati munalembetsa galimoto pa mtengo wakale kwacha isanagwe, atha kukulipirani gawo chabe, molingana ndi kuchepa kwa mtengo womwe munalembetsa. Mukaona kuti akukanirani popanda chifukwa chomveka, pemphani yankho lolembedwa. Madandaulo otere amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Tsiku loika galasi

Galasi likafika, liyezeni pamalo pake musanatsegule guluu. Mmisiri aligoneke pabowopo louma, aone ngati mipata ikufanana mbali zonse, aike zizindikiro ndi tepi. Kenako achotse mapulasitiki a m'kati, azule mawaya a chotenthetsera ndi a wailesi, akute penti ndi mipando.

Magalasi a galimoto zimenezi sagwidwa ndi labala ngati a Land Rover zakale. Amamatidwa ndi guluu wakuda wotchedwa urethane. Zotsalira za galasi lakale amazidula ndi waya wapadera kapena mpeni wake. Guluu wakale sapalidwa mpaka pachitsulo. Amasiyako kagawo kopyapyala, milimita imodzi kapena awiri, chifukwa watsopano amagwira bwino pa mnzake. Paliponse pomwe mpeni wakanda penti apakepo primer, mankhwala oteteza chitsulo ku dzimbiri ndiponso othandiza guluu kugwira. Apa imani pafupi muone ndi maso anu, poti kukanda kobisika pansi pa galasi ndi komwe kumayambitsa dzimbiri lomwe mudzalione patapita zaka ziwiri, penti atayamba kutupa m'mbali.

Ndinene mosabisa: silicone wa m'bafa ndi wa mazenera a nyumba asayandikire galimoto yanu. Alibe mphamvu yogwira galasi pa liwiro, ndipo pomwe wapakidwa urethane sagwiranso bwino. Funsani kuti muone chubu cha guluu, muwerenge tsiku lomwe akutha ntchito. Guluu wokhalitsa pashelefu ndi amene amadontha mvula yoyamba.

M'mphepete mwa galasi latsopano apukute ndi mankhwala ake, apake primer pa mzere wakuda uja, ndipo asagwirepo ndi zala. Guluu amuike mzere umodzi wosadukiza, wosongoka pamwamba, molumikizira mwake mukhale kumunsi. Anthu awiri anyamule galasi ndi zogwirira zomata, alitsitse kamodzi potsata zizindikiro zija, alikanikize pang'onopang'ono. Kulikhazika n'kulinyamulanso kumasiya mabowo m'guluu. Pomaliza alimange ndi tepi kuti lisatsetsereke, abwezeretse mawaya.

Nthawi yodikira musanayendetse yalembedwa pachubu. Guluu wina ndi ola limodzi, wina maola ambiri. Ine ndimalangiza kuti galimoto igone pomwepo, chifukwa sports car ndi yolimba masipuling'i ndipo bampu iliyonse ya m'misewu yathu imafika pagalasi. Kwa tsiku limodzi kapena awiri siyani zenera lam'mbali lotsegula pang'ono kuti mphepo ya chitseko isakankhe galasi, musamenyetse zitseko ndi buti, ndipo musapite kotsukitsa ndi madzi a mphamvu. Tinti adikire masiku angapo, ndipo womata asayendetse lezala pa timizere tija.

Musanasaine pepala la a inshuwalansi lovomereza kuti ntchito yatha, yesani zonse. Wina athire madzi ndi paipi kuchokera padenga inu muli m'kati ndi tochi, muyang'ane m'makona ndi m'buti. Yatsani chotenthetsera, muuzire mpweya pagalasi muone ngati nthunzi ikuchoka mizere yonse. Tsegulani wailesi. Yendani pamsewu wabwino mazenera ali otseka mumve ngati pali kamluzu ka mphepo. Timibulu ta galasi timabisala m'njanji za mipando, momwe mumalowa malamba ndi pansi pa tayala la sipeya, ndiye uzani a galaja achotse kapeti ya m'buti apope ndi makina, ndipo lisiti lanu alembepo miyezi yomwe akulonjeza kukonza ulere galasilo likayamba kudontha.